Chimbale chatsopano chomveka ngati cha 1981, kodi n'kukopera?

Achimwene a ku Area 25, imelo yanu ndayiwerenga katatu. Mwati mwapeza pa intaneti chimbale chatsopano cha hardcore punk, nyimbo za magitala zaphokoso ndi zaliwiro kwambiri, oyimba ake ndi anyamata ang'onoang'ono, koma chikumveka ngati anachijambula mu 1981. Mnzanu akuti kumeneko n'kukopera chabe, ndiye mukufunsa ngati n'choyenera kuwonongerapo ndalama. Mwandigunda pachilonda, chifukwa nkhani yomweyi inandipasulira bandi yanga.

Ine ndinakulira pa reggae, nyimbo za Evison Matafale zinali m'mutu mwanga usana ndi usiku. Hardcore ndinakumana nayo mu 2011 ku Johannesburg, komwe ndinkagwira ntchito yopakira katundu. Dalaivala amene ndinkayenda naye anaika CD m'galimoto tsiku lina m'mawa kukuzizira, ndipo chimene chinatuluka m'masipika ndinachimva ngati matalala pa malata. Ndinati achepetse. Iye anangoti dikirani. Patapita nyimbo zingapo liwiro lonse lija linaima, besi inayamba kuyenda pang'onopang'ono, reggae yeniyeni. Anali a Bad Brains, anyamata anayi akuda a ku Washington DC, pa chimbale chawo chimene chinatuluka pa kaseti mu 1982. Ndinakhala duu mpaka tinafika. Ndinkaganiza kuti nyimbo zaphokoso n'za azungu okhaokha, osadziwa kuti ena mwa amene anazipatsa liwiro limeneli ndi anthu akuda okondanso reggae ngati ine.

Dalaivala yemweyo ndiye anandipatsa chimbale cha bandi ya OFF! chotchedwa First Four EPs, cha mu 2010, ndipo chimenechi ndicho chimayankha funso lanu. Nyimbo 16, zonse pamodzi zosakwana mphindi 20. Woyimba wake, Keith Morris, anali ndi zaka 55 nthawi imeneyo. Ndiye anali woyimba woyamba wa bandi ya hardcore ya Black Flag ku California, asanachoke mu 1979 n'kukayambitsa bandi ina ya Circle Jerks. Ngakhale chithunzi cha pachikuto anajambula ndi Raymond Pettibon, yemwe uja anajambula chizindikiro cha mizere inayi cha Black Flag. Chilichonse pa chimbalecho chikuloza kale. Koma mukachimvera simumva mdala wokumbukira unyamata wake. Mumamva munthu amene wakwiya lero, mawu akuchokera pakhosi pouma, ngati wangokangana ndi wina panja n'kulowa kudzayimba.

Nditabwerera kumudzi tinayambitsa bandi ya anthu anayi. Tinkayeserera m'galaja ya amalume a woyimba ng'oma, mbale imodzi ya ng'omayo inali yong'aluka, tinaiboola kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire. Tinasonkha ndalama n'kupita ku situdiyo ina. Mkulu wa pamakina anatikana kuyimba limodzi. Anati aliyense alowe payekha, woyimba ng'oma atsatire kakugogoda ka m'mahedifoni, ndipo pomaliza anawongola chilichonse pa kompyuta. Titadandaula kuti zamveka zozizira, anathiramo kaphokoso konga ka kaseti yakale kuti akuti zimveke zachikale. Tinatuluka ndi nyimbo zoyera ngati zotsukidwa ndi sopo, zopakidwa dothi pamwamba. Woyimba gitala anazikonda, ine ndinakana kuti zituluke, ndipo sitinayimbenso limodzi. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye ndikunena motsindika kuti mnzanuyo walakwitsa poyang'ana. Kumveka kwachikale si mlandu. Palibe amene amanyoza woyimba reggae chifukwa chogwiritsa ntchito kagundidwe ka ng'oma ka ku Jamaica ka m'ma 1970. Mlandu ndi kunama. Phokoso la 1981 linabadwa chifukwa cha kusowa ndi changu. A Minor Threat, bandi ya hardcore ya ku Washington DC, ankajambula ku situdiyo ya Inner Ear, yomwe nthawi imeneyo inali chipinda chapansi m'nyumba ya Don Zientara ku Arlington, pa makina ang'onoang'ono a tepi. Ian MacKaye ndi Jeff Nelson a bandiyo atayambitsa kampani yotulutsa zimbale ya Dischord mu 1980, zikuto za chimbale choyamba ankadula ndi kumata okha pamanja. Sankasakasaka kumveka kwina kwake, ankangoyimba pamodzi m'chipinda chimodzi mwamphamvu zawo zonse, nthawi n'kutha. Bandi ya lero yochita chimodzimodzi izimveka ngati iwo, ndipo palibe chimene yaba. Bandi yojambula mwezi wathunthu pa kompyuta kenako n'kuthira dothi logula, imeneyo ndiyo yachinyengo, ngakhale itavala malaya ong'ambika.

Zimandipwetekanso anthu akamalankhula ngati nyimbo zimenezi n'za ku America kokha ndipo zinathera komweko. Ku Johannesburg komwe kuja, mu 1981, kunatuluka chimbale cha National Wake, bandi ya punk ya akuda ndi azungu pamodzi m'nthawi ya tsankho la apartheid, momwe munali Gary ndi Punka Khoza a ku Soweto. Kungoima pa siteji limodzi kunali kuputa boma. Mkwiyo wotere sukhala ndi chaka.

Ndiye muchite chiyani?

Chimvereni chonse nthawi imodzi, osadumpha, poti n'chachifupi. Tcherani khutu kwa woyimba ng'oma: ngati akuthamanga pang'ono nyimbo ikafika potentha, anzake n'kumuthamangira, ndiye kuti anayimba limodzi. Werengani mawu ake muone ngati akukamba za lendi yawo, abwana awo, apolisi a m'tauni yawo, kapena akungobwereza nkhani za Ronald Reagan, pulezidenti wa America wa m'ma 1980, zomwe sanazione. Kenako fufuzani pa YouTube kanema wawo akuyimba pamaso pa anthu. Zikagwirizana, gulani pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti pomwe oyimba amagulitsira nyimbo zawo, kuti ndalama ifike kwa eni ake. Ndipo munditumizireko dzina la bandiyo, simunalilembe mu imelo muja.