Range Rover yotsika mtengo kapena Prado?

Amayi, mwafunsa ngati mutenge Range Rover Sport ya 2012 imene mwaiona ku Woodlands kapena muwonjezere ndalama mugule Prado ya chaka chomwecho, poti muli ndi ana anayi ndipo mumapitapita kumudzi ku Lundazi. Ine ndikuti Prado.

Yambani mwawerenga mipando. Range Rover Sport ya 2012 ili ndi mipando 5 basi. Inu, bambo a kunyumba ndi anawo mwakwana kale 6, osawerengera agogo amene adzafune kukwera nawo pa Chipata. Ma Prado ambiri ali ndi 7, koma tsegulani kumbuyo muone nokha, ena alibe.

Kutsika mtengo kwa Range Roveryo kuli ndi chifukwa chake. Imayendera air suspension, kutanthauza matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i, ndipo matumbawo akayamba kutaya mpweya, mudzaipeza m'mawa itagwada mbali imodzi ngati ng'ombe yodwala. Pano pa Lusaka amakaniko oidziwa alipo, kungoti masipeya ambiri amachita kuitanitsa ku South Africa kapena ku UK, inu mukudikira. Nanga zikakuchitikirani mutadutsa mlatho wa Luangwa, pakati pa Nyimba ndi Petauke, usiku, ana ali m'galimoto? Prado ikavuta kumeneko, makaniko wa pa Katete waitsegulapo kangapo, zitsulo zake nzosasowa. Kukoma kwa mkati sindikutsutsa ayi, Range Rover ndi yofewa kwambiri. Koma kufewako kumalipiridwa mwezi ndi mwezi.

Musathamangirenso Prado iliyonse. Zochokera ku Japan za 2012 ndi za petulo, injini ya malita 2.7 kapena 4.0, chifukwa ya dizilo inabwereranso kumeneko mu 2015. Ya 2.7 imalemedwa pa zitunda mukadzaza katundu, ya 4.0 imamwa mafuta. Mukapeza ya dizilo 3.0, funsani ngati timing belt (lamba wa m'kati mwa injini) inasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo ma injector, amene amathira mafuta mu injini, awayeze.

Tsiku lokaiona, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani injini isanalizidwe, muimve ikulira yozizira. Makanikoyo ailumikize pa kompyuta, alowenso pansi aone dzimbiri ndi mafuta odontha. Nambala ya chassis ifanane ndi ya pa white book, mukaitsimikize ku RTSA kolembetsa magalimoto, muonenso mapepala a ZRA ndi a Interpol. Wogulitsa akayamba zoti "mapepala abwera mawa, perekani kaye dipoziti", nyamulani chikwama chanu muzipita.