Funsani Amisiri: Valavu ya thanki ikungovina

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yaing'ono kufupi ndi Senga Bay. Thanki yathu ya madzi ili pamwamba, mamita 10 kuchokera pa pampu. Valavu yosunga madzi pa mlingo umodzi ikungotseguka n'kutseka ngati ikuvina, ndipo yayamba kudutsitsa madzi ngakhale itatsekeka. Payipi ndi ya mamilimita 50, valavunso tinagula ya 50, koma imatseguka 10 peresenti yokha. Kodi tigule yaikulu? — Mmisiri, Salima

YANKHO: Ayi bambo, musataye ndalama. Valavu yanuyo yakula kale mopyola muyeso. Valavu sagula poyang'ana payipi. Amayang'ana nambala yotchedwa Kv, imene imanena kuchuluka kwa madzi odutsa pa ola valavu ikamadya presha ya 1 bar.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tengani madzi odutsa pa ola mu m³ (1 m³ ndi malita 1,000), muwagawe ndi square root ya presha imene yatsalira valavu. Pamene ambiri amaphonya ndi pa presha yotsalayo, chifukwa siyofanana ndi imene geji ya pampu ikuonetsa.

Tiyerekeze kuti nthawi yotanganidwa mumafuna 10 m³ pa ola, pampu ikupereka 3 bar. Kukweza madzi mamita 10 kumadya pafupifupi 1 bar. Payipi, makona ndi sefa tinene kuti zadya 1 bar ina. Valavu yatsala ndi 1 bar, ndiye Kv ndi 10. Nthawi wamba mukufuna 6 m³: pampu imakwera mwina kufika 3.5 bar, zotayika m'payipi zimatsika kufika cha m'ma 0.4, valavu n'kutsala ndi 2.1 bar. Kv yofunika ndi 4 basi.

Tsono valavu ya globe (mtundu wa valavu yowongolera kuchuluka kwa madzi odutsa) ya mamilimita 50 nthawi zambiri imakhala ndi Kv ya 40 ikatseguka yonse. Mwaona? 4 pa 40 ndi 10 peresenti yanu ija. Pamenepo ikangosuntha pang'ono madzi amalowa ambiri, thanki imadzaza msanga, valavu n'kutseka, kenako n'kuyambiranso. Madzi othinana pakampata kakang'onoko amathamanga kwambiri ndipo amadya mpando wa valavu (pamene chotsekera chimakhazikika valavu ikatseka), makamaka ngati mumapopa m'nyanja mwera ukavundula mchenga. N'chifukwa chake sikutsekanso bwino.

Gulani ya mamilimita 32, ya Kv 16, muilumikize ndi zochepetsera payipi mbali zonse ziwiri. Idzagwira ntchito pakati pa 25 ndi 63 peresenti, ndipo malo abwino ndi pakati pa 20 ndi 80. Koma manambalawa ndi achitsanzo. Ikani geji valavu isanafike ndi ina itadutsa, muwerenge anuanu. Wogulitsa akakupatsani Cv (nambala yonga Kv koma ya miyeso ya ku America) m'malo mwa Kv, chulukitsani Kv yanu ndi 1.16 kuti mupeze Cv yofunika.

Amene amapopa molasesi, monga ku fakitale ya shuga ku Dwangwa, asatengere masamu a madziwa: molasesi ndi wolemera komanso wonanda, amafuna kuwerengera kwina.

Musaiwale sefa valavu isanafike, komanso njira yolambalala yokhala ndi valavu ya pamanja kuti ntchito isaime pokonza. Popeza valavu yanu ili polowera madzi, sankhani yodzitsekera yokha magetsi kapena mpweya woyendetsa valavuyo zikathima, apo ayi thanki idzasefukira usiku mlonda ali kugeti.