Kodi boma la America limasunga dzina la aliyense wogula mfuti?

Bambo wina amene akukhala m'chigawo cha Indiana ku America wanditumizira imelo yofunsa zinthu ziwiri. Akufuna kudziwa ngati dzina la munthu wogula mfuti m'sitolo limalowa m'kaundula wa boma ndi kukhalamo mpaka kalekale, komanso akudabwa kuti, ngati boma limafufuzadi mbiri ya ogula, zikutheka bwanji kuti anthu oopsa azipezekabe ndi mfuti zogulidwa m'masitolo ovomerezeka. Zikomo bambo chifukwa cha mafunsowa, ndipo ndiyamba ndi zimene zimachitika pa tsiku logula.

Mukapita kwa wogulitsa amene ali ndi chiphaso cha boma la feduro (boma lalikulu la dziko lonse, osati la chigawo), mumadzaza fomu yotchedwa Form 4473. Pafomupo mumalemba dzina, adiresi ndi tsiku lobadwa, kenako mumayankha mafunso okhudza ngati munapezekapo olakwa pa mlandu waukulu kapena wa nkhanza za m'banja, ngati mumagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndiponso ngati bwalo la milandu linalamulapo kuti mugonekedwe m'chipatala cha matenda a maganizo. Kunama pafomuyi ndi mlandu pakokha. Kwa amene si nzika pali mafunso enanso, chifukwa munthu wokhala m'dzikomo ndi visa ya kanthawi saloledwa kukhala ndi mfuti pokhapokha pa zifukwa zochepa, monga kukhala ndi chiphaso chosakira nyama. Mukamaliza kudzaza, wogulitsa amatumiza dzina lanu ku NICS, njira yofufuzira imene FBI yakhala ikuyendetsa kuyambira mu Novembala 1998 potsatira lamulo la Brady la 1993. Lamulolo linatenga dzina la James Brady, mneneri wa Pulezidenti Ronald Reagan, amene anawomberedwa m'mutu mu 1981. Yankho limabwera kuti gulitsani, musagulitse, kapena dikirani.

Yankho likakhala lovomereza, FBI imayenera kufufuta zonse zokuzindikiritsani pasanathe maola 24. Ndipotu kuyambira mu 1986 lamulo la Firearm Owners Protection Act limaletsa boma la feduro kukhazikitsa kaundula wa mfuti wamba kapena wa eni ake. Izi sizikutanthauza kuti dzina lanu lasowa, chifukwa fomu ija imatsala m'manja mwa wogulitsa. Kale ankaloledwa kuitaya pakapita zaka 20, koma kuyambira mu 2022 amayenera kuisunga nthawi yonse imene akuchita malondawo, ndipo sitolo ikatsekedwa mafomu onse amatumizidwa ku likulu lolondoloza mfuti la ATF, bungwe la boma loyang'anira malamulo a mfuti, ku Martinsburg, m'chigawo cha West Virginia. Kumeneko mafomuwo amajambulidwa ndi kusungidwa ngati zithunzi, mwadala, kuti wantchito asathe kungolemba dzina la munthu pa kompyuta n'kuona mfuti zonse zimene munthuyo ali nazo.

Choncho apolisi akatola mfuti pamalo pamene pachitika upandu, kufufuza kumayambira pa nambala ya mfutiyo. ATF imafunsa kampani imene inaipanga, kampaniyo imatchula amene inamugulitsa mopikulitsa, ameneyo amatchula sitolo, ndipo mwini sitolo amatsegula mafaelo ake kuti apeze wogula woyamba. Ngati woyambayo anaigulitsa kwa mnzake popanda kulemberana kalikonse, nthawi zambiri mkukuluzi umathera pomwepo. Ambiri amene amaumirira kuti zinthu zikhale motere, kuphatikizapo NRA, bungwe lomenyera ufulu wa eni mfuti, amaopa kuti kaundula angadzagwiritsidwe ntchito polanda anthu mfuti zimene malamulo aakulu a dzikolo amawalola kukhala nazo. Mantha amenewa sindikuwapeputsa, koma n'zoonanso kuti amachedwetsa ntchito ya wapolisi amene akufunafuna wakupha. Dziwaninso kuti zigawo zina zili ndi malamulo awoawo: California imasunga zolemba za malonda a mfuti, ndipo Hawaii imafuna kuti mfuti zilembetsedwe kupolisi.

Funso lanu lachiwiri ndi limene limandikhudza kwambiri, chifukwa anthu amakangana kwambiri pa zimene boma limasunga zokhudza ogula abwinobwino, pamene vuto limene laphetsa anthu ndi zimene boma limalephera kulemba zokhudza anthu oletsedwa. NICS imangodziwa zimene yauzidwa. Mabwalo a milandu, apolisi ndi asilikali akapanda kutumiza chigamulo, kompyuta imaona dzina lopanda banga.

Pa 5 Novembala 2017, munthu wina anapha anthu 26 m'tchalitchi ku Sutherland Springs, m'chigawo cha Texas. Munthuyo anali atapezeka wolakwa m'bwalo la asilikali mu 2012 chifukwa chomenya mkazi wake ndi mwana womupeza, mlandu umene unayenera kumuletsa kugula mfuti, koma gulu la asilikali a ndege la Air Force silinatumize chigamulocho ku FBI, ndipo anagula mfuti zake m'masitolo popanda chovuta. Mu 2021 woweruza wa feduro anagamula kuti gululi linali ndi mbali yaikulu, 60 pa 100 iliyonse, pa zimene zinachitikazo. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku yunivesite ya Virginia Tech mu 2007, kumene anthu 32 anaphedwa ndi wophunzira amene chigamulo cha bwalo chokhudza matenda ake a maganizo sichinafike ku NICS. Masoka onsewa anabala malamulo atsopano olimbikitsa kutumiza zolemba, ngakhale kuti boma la feduro silingakakamize zigawo, limangozikopa ndi ndalama.

Palinso nkhani ya yankho lija loti dikirani. FBI ikapanda kumaliza kufufuza m'masiku atatu ogwira ntchito, lamulo la feduro limalola wogulitsa kupereka mfutiyo. Umu ndi mmene amene anapha anthu 9 m'tchalitchi cha Emanuel AME ku Charleston mu Juni 2015 anapezera mfuti yake, popeza zolemba za kumangidwa kwake zinaloza ku ofesi ya apolisi yolakwika ndipo masikuwo anatha wofufuza asanapeze lipoti loyenera. Ine ndimaona kuti masiku atatu ndi ochepa pa dzina limene layamba kale kukayikitsa. Lamulo la 2022 linawonjezera nthawiyo mpaka masiku 10 ogwira ntchito, koma kwa ogula osafika zaka 21 okha.

Zonse ndafotokozazi zikukhudza masitolo a ziphaso. Munthu wamba akamagulitsa mfuti yake kwa mnzake wa m'chigawo chomwecho, lamulo la feduro silifuna fomu kapena kufufuza kulikonse, ndipo Indiana, kumene inu muli, ili m'gulu la zigawo zimene sizinawonjezere lamulo lotero. Komabe kugulitsa mfuti kwa munthu amene mukudziwa kuti ndi woletsedwa ndi mlandu kulikonse m'dzikomo, ndipo mfutiyo ikadzapezeka pa upandu, apolisi adzayamba kugogoda pakhomo la amene dzina lake lili pafomu.