Kodi mwana ndimuletse kupita ku mpira chifukwa cha zotukwana?

Bambo wina wa ku Tsangano wanditumizira imelo. Ali ndi mphwake wa zaka 9, mwana wa mlongo wake, amene amapita naye ku mpira Lamlungu lililonse. Tsiku lina agogo ake atamutuma madzi, mwanayo anawayankha ndi mawu amene masapota amatukwanira oyimbira. Mlongoyo walusa, akuti za mpira zithe. Funso lake ndi lakuti: ndimuletse?

Achimwene, kalata yanu yandikhudza pachilonda, ndiye mundipirire, yankho lifika mochedwa.

Ndili ndi mlamu wanga, mphunzitsi wa pulayimale, amene kwa zaka zambiri ankayimbira masewero a m'mabairo ndi m'midzi yozungulira Ulóngwe, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique. Sikuti inali ntchito. Akamaliza ankamugulira botolo la zoziziritsa kukhosi, mwina n'kumuponyera timametikali toti akonzetsere njinga. Ankazikonda basi. Malamulo ankawadziwa, wezulo anagula yekha, makhadi anadula yekha pa katoni n'kuwapaka utoto. Mabwalo athu mukuwadziwa: mpanda palibe, mizere ndi ya phulusa, anthu amaima pamzere penipeni moti woponya mpira amayamba wapempha njira. Wothandiza oyimbira amanyamula nthambi kapena malaya ake omwe.

Chaka china itatha ntchito yokumba mbatata, anthu ali ndi ndalama m'thumba, panali mpikisano wolimbirana mbuzi ndi majezi. Pa ndime yomaliza mlamu wangayo anapereka penate kutatsala pang'ono kuti mpira uthe. Ine ndinali pafupi, ndipo penateyo inali yoona, mnyamata anaugwira mpira ndi manja onse awiri. Zinayamba monga mwa masiku onse. "Refa wakhungu!" "Wagulidwa!" "Wadya zingati?" Izi mlamu anali atazizolowera, sankatembenuka n'komwe. Kenako mawu anatsika m'munsi. Anayamba kutchula mayi ake, kuwavula ndi pakamwa, chiwalo ndi chiwalo, ena n'kupeka nyimbo pomwepo, gulu n'kumavomera.

Mayi akewo anali pabwalopo. Ankagulitsa zitumbuwa ndi nzimbe kuseri kwa golo, ndipo aliyense wotukwanayo ankawadziwa, ena anali atangowagula kumene. Gogo uja anavundikira beseni lake ndi chitenje, kusenza, n'kumapita osayang'ana munthu. Mpira unatha ndi zitsononkho ndi timiyala, njinga ya mlamu anaipeza matayala atabooledwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi m'mawa mwake. Lolemba anthu omwewo anakumana naye panjira ya kusukulu, chipewa m'manja: "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" Palibe anapepesa. Kwa iwo panalibe chopepesa, zinali za mpira. Mlamu anaika wezulo m'sutikesi ndipo sanaugwirenso. Masiku ano masewero a kumeneko amayimbira aliyense amene wapezeka ali ndi nsapato zothamangira, munthu woti ofusayidi saidziwa, ndipo kutukwanako kwachita kuwirikiza chifukwa tsopano zolakwikazo ndi zenizeni. Tinathamangitsa wodziwa, tikudandaula kuti oyimbira athu ndi mbuli.

Anthu amakonda kunena kuti ndi anyamata a kachasu. Ine ndikukana. Woledzera amatukwana, inde, koma palibe amamutsatira, anthu amangomuseka. Amene anatsogolera tsiku limenelo anali abambo a ulemu wawo, makolo a ana amene mlamu ankawaphunzitsa, wina wa golosale, wina woti Lamlungu lomwelo m'mawa anaima kutsogolo m'tchalitchi. Mwana wa zaka 9 saphunzira kutukwana kwa chidakwa, chifukwa amaona kuti chidakwa palibe amachilemekeza. Amaphunzira akaona bambo wa jekete akutulutsa mawu amenewo, anthu n'kumuwombera m'manja. Apo ndi pamene mutu wake umalemba kuti kukula n'kumeneku.

Ena adzandiuza kuti zolaula si zachilendo kwa ife Achewa ndi Angoni, ndipo akunena zoona. Msuweni wako umamunena chilichonse, iye n'kukubwezera, nonse n'kuseka. Adzukulu pamaliro amachita chipongwe choti tsiku wamba chingafike kwa amfumu. Nyimbo za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, si nyimbo zoti ungaimbe pamaso pa apongozi. Koma konseko zinthu zili ndi mwini. Zimadziwika kuti wonena ndani, akunena yani, nthawi yake ndi iti, ndipo wonenedwayo ali ndi ufulu wobweza. Msuweni sumunena kuti alire. Ku mpira oyimbira sangabweze, akangoyankha ndiye kuti waputa mavu. Anthu 300 akutukwana munthu mmodzi womangidwa pakamwa, aliyense atabisala kumsana kwa mnzake. Umenewo si mwambo wathu, ndi mantha ovala jezi, ndipo amene amati ndi chikhalidwe sangayerekeze kunena mawu omwewo ali awiri ndi refayo pa chigayo.

Musandimve molakwa, sindikufuna bwalo la mpira likhale ngati Misa ya m'mawa. Ndimakonda phokoso, ng'oma, mavuvuzela, ndi kugemulana. Goloboyi akaphonya mpira wophweka wina n'kukuwa kuti "manja a therere!", ine ndimaseka mpaka misozi, ndipo goloboyiyo naye amaseka akafika kunyumba. Kugemula kumafuna nzeru, umayang'ana chimene chachitika m'bwalo n'kuchipezera mawu. Kutukwana mayi wa munthu sikufuna nzeru iliyonse, mawu ake ndi omwewomwewo kuyambira tili ana. Masapota amene atha nzeru zopeka nyimbo ndi amene amathawira m'maliseche.

Pali mtundu wina wa chipongwe umene ife a kumtunda kuno timaudziwa bwino. Ambiri a msinkhu wanga mpira tinauphunzirira ku Dedza ndi ku Ntcheu, tili othawa nkhondo, ndipo tinabwerera mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Tinabwera ndi Chichewa cha kusukulu za ku Malawi, ena mpaka lero mtima wawo uli ku Bullets kapena ku Wanderers. Ndinaperekezapo timu ya anyamata a kwathu ku masewero ena kumunsi kotentha kuja, m'mbali mwa Zambezi. Anawo asanagunde n'komwe mpira, mawu anali atayamba: "Amalawi inu, bwererani kwanu!", "Akudya mbatata!" Ana obadwira ku Dómuè ku Angónia konkuno, a mbendera yomweyi ya Mozambique. Ndipo ndisanamizire mbali imodzi, matimu a Anyungwe akakwera kuno nawonso amamva zawo, za malambe ndi mbuzi, zonenedwa ndi anthu amene dzulo lake ankadandaula kuti akunyozedwa. Chodabwitsa n'chakuti UD Songo, timu ya m'chigawo chathu cha Tete, itatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2017, n'kubwereza mu 2018, kenakonso mu 2022, tonse tinavina, wa ku Angónia, wa ku Moatize, wa ku Changara, tikuti chikho chabwera kwathu. Pa wailesi ndife amodzi, pabwalo ndife mitundu.

Ndiye timakhala m'mabaraka kuonera mpira wa ku Portugal, kukwiya anzathu akuda akamanyozedwa kuti ndi anyani. Mu Febuluwale 2020 Moussa Marega wa Porto anagoletsa ku Guimarães, masapota n'kumunyoza chifukwa cha khungu lake mpaka anatuluka m'bwalo yekha, anzake akumugwira kuti asachoke. Tonse tinati wachita bwino. Vinícius Júnior wa Real Madrid atanyozedwa ku Valencia mu 2023, khoti la ku Spain linagamula anthu atatu kuti akakhale kundende miyezi 8, ndipo tinati zikadakhala zaka. Lamlungu lotsatira anthu omwewo tili pabwalo la kwathu kuuza mwana wa mnzathu kuti abwerere kwawo.

Malamulo alipo, koma amathera pamzere

Wosewera akatukwana, lamulo la nambala 12 la mpira ndi lomveka: mawu onyoza kapena otukwana ndi khadi lofiira, ngakhale sanagunde munthu. Kuyambira 2019 mphunzitsi wa timu ndi anzake a pabenchi nawonso amaonetsedwa makhadi. Pa za tsankho FIFA inakhazikitsa njira ya masitepe atatu, imene inayamba kugwira ntchito pa Confederations Cup ya 2017: oyimbira aimitse mpira n'kuchenjeza, zikapitirira atulutse matimu kwa kanthawi, zikakanika athetse masewero. M'mipikisano ikuluikulu timu imalipitsidwa chifukwa cha khalidwe la masapota ake, nthawi zina n'kusewera bwalo lili lopanda anthu. Zonsezi zimatheka kumene kuli mpanda, matikiti ndi apolisi. Kwathu kuno refa ali yekha ndi wezulo wake, ndipo akathetsa masewero ayenera kudutsa pakati pa anthu omwewo kuti akatenge njinga.

Komanso tisamaganize kuti mawu amathera m'malere. Pa 9 Julayi 2000 ku National Sports Stadium ku Harare, komwe ambiri a ife tinafikako kudzera pa malire a Cuchamano, Zimbabwe inkasewera ndi South Africa. Delron Buckley atagoletsa chigoli chachiwiri, masapota anayamba kuponya mabotolo m'bwalo, apolisi n'kuponya utsi wokhetsa misozi m'gulu la anthu. Pothawa, anthu 13 anafa popondana. Chaka chotsatira ku Accra ku Ghana, pa masewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, zinayenda chimodzimodzi, ndipo anafa anthu oposa 120. Apolisi analakwa kwambiri konseko, zimenezo sindikubisa. Koma dzanja silitola botolo pakamwa pasanatenthe. Gulu limayamba lagwirizana ndi mawu kuti uyu si munthu, mwala umabwera pambuyo, ndipo woponda mnzake pachipata nthawi zambiri ndi amene sanatukwane n'komwe.

Za mankhwala ndisayambe, zoti wina wakodzera pagolo, wina wakwirira chithumwa pakati pa bwalo, timu yakana kulowera pachipata. Theka la ndewu zimene ndaziona zinayambira pamenepo mpira usanayambe, ndipo otsogolera anali akuluakulu omwe aja. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono mwanayo, achimwene. Ine ndikuti musamuletse, chifukwa akapita ndi anzake mozemba ndipo akaima pakati penipeni pa oimba aja. Choyamba mutengeni mukagwade naye kwa agogo ake, inuyo muyambe kupepesa, poti munapita naye ndinu ndipo ndinu malume. Mumufunse mawuwo anawamva kwa yani, ndipo mukonzeke, mwina atchula mnzanu amene mumaima naye. Pabwalo sankhani malo, kumbali kumene kumakhala amayi ogulitsa ndi achikulire, kutali ndi kuseri kwa golo ya alendo. Wina wodziwana naye akayamba, mutchuleni dzina mofatsa, "bambo a uje, pali ana pano", chifukwa munthu akatchulidwa dzina amatuluka m'gulu. Zikafika pa miyala, gwirani mwana dzanja muzipita, ngakhale kutatsala mphindi zisanu. Ngati muli ndi mawu ku komiti ya timu kapena kwa amfumu, pemphani kuti mpikisano usanayambe agwirizane poyera kuti timu imene masapota ake atukwane oyimbira ilandidwa mapointi. Mlongo wanu akakanabe, musalimbane naye. Mwanayo akhale kaye milungu ingapo, inu muzipita nokha, mukabwerako muzimuuza amene wagoletsa.