Chifukwa chake masewero ena a basketball ya m'makoleji amaoneka akuda pa kanema

Mmodzi mwa owerenga anga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndikamaonera basketball ya m'makoleji a ku America, masewero ena amaoneka owala bwino, koma ena amaoneka achikasu, ndipo akamabwereza chigoli pang'onopang'ono chithunzi chimaphethira. Kodi TV yanga yayamba kuwonongeka?" Achimwene, TV yanu musaitengere kwa okonza, chifukwa nthawi zambiri vutoli limachokera ku magetsi a m'bwalo momwe akusewereramo.

Diso la munthu limazolowera msanga kuwala kulikonse, koma kamera siitero. Kuwala kukachepa, wojambula amakakamizika kutsegula kwambiri diso la kamera kapena kuiwonjezera mphamvu, ndipo zotsatira zake n'zakuti wosewera amene akuthamanga saoneka bwinobwino, komanso chithunzi chimachita timadontho. Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti kamera yaikulu imakhala m'mbali mwa bwalo, choncho imafuna kuwala kogwera pankhope ndi pamalaya a osewera. Mababu akangolunjika pansi kuchokera kudenga, matabwa a bwalo amawala ndithu, pamene maso a osewera ali mumthunzi ndipo manambala a pamalaya akuvuta kuwerenga. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a m'makoleji ku America, amayeza kuwala kogwera pansi padera, kolowera ku kamera padera, ndipo amafuna kuwala kochuluka pa masewero oonetsedwa dziko lonse.

Nkhani ya kuphethira ndiyo imandikhudza kwambiri. Mabwalo ambiri akale ankagwiritsa ntchito mababu a metal halide, amene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika motsatira magetsi. Ku America magetsi amasinthasintha maulendo 60 pa sekondi, kotero babu lotere limaphethira maulendo 120 pa sekondi. Inu muli m'bwalomo simungaone kanthu, koma kamera yobwereza chigoli imajambula zithunzi mazanamazana pa sekondi, ndipo china chimagwira babu litawala, china litazilala. Mababu omwewa akamakalamba amasintha mtundu, lina kupendekera ku chikasu, lina kubiriwira, moti ngakhale akatswiri a m'galimoto youlutsira mawu ndi zithunzi ayesetse kulinganiza makamera, khungu la wosewera limasintha maonekedwe akachoka mbali ina kupita ina.

Mababu a LED athetsa zambiri mwa izi, ndipo amayaka nthawi yomweyo, pamene metal halide ikazima imafunika kuyamba yazizira kaye, monga zinachitikira mu 2013 ku bwalo la Superdome ku New Orleans, pomwe Super Bowl, masewero omaliza a American football, inaima kwa mphindi 34 magetsi atazima. Komabe LED yotchipa nayo imaphethira, ndipo ikakolekedwa molakwika imanyezimira pa matabwa opakidwa vanishi mpaka mizere ya bwalo kusowa. Kuthwanima koyera kumene mumaona mpira ukamalowa m'nkhata n'kwina: ndi nyali za ojambula zithunzi za m'manyuzipepala zimene amazimangirira kudenga.

Ngati mukufuna kutsimikiza, yerekezani masewero a m'bwalo la koleji yaing'ono ndi a Final Four, omwe ndi masewero a matimu anayi otsala kumapeto kwa mpikisano wa NCAA. Final Four ikaoneka yoyera pa TV yomweyo, dziwani kuti koleji ija ndiyo ikufunika kusintha magetsi ake.