Bambo a kunyumba ndi makatuni awo

FUNSO: Zikomo Anti. Amuna anga akagula nyuzipepala pa depoti ya Mzuzu sayamba ndi nkhani ayi, amathamangira kukatuni kaye nkumaseka okha ngati mwana, ena amachita kudula ndi lezala nkusunga mu envulopu. Munthu wa zaka 46! Kodi zimenezi nzabwinobwino? Mayi wa ku Chibavi.

YANKHO: Mayi, mtima pansi, bambowo alibe vuto. Enafe tinakulira Chatsalira wa mu Moni, magazini ikafika timalimbirana tsamba lomwelo basi. Katuni imakoma chifukwa munthu wake sasintha, mumamudziwa ngati neba, mumadziwiratu kuti lero apalamulanso koma simudziwa kuti apalamula bwanji, ndiye tizithunzi titatu tokha tanena zomwe mkonzi angalembe tsamba lonse, za kukwera kwa mitengo, za ngongole, za apongozi, zina zoti pakamwa sitingayerekeze kunena.

Kunjanso nchimodzimodzi. Peanuts ya Charles Schulz, ija ya galu Snoopy, inatuluka kuyambira 1950 mpaka 2000 ndipo ankaiwerenga ndi akuluakulu omwe.

Envulopuyo musayatsire mbaula chonde, olo June wa ku Mzuzu azizire bwanji. Koma muwauze azidula inu mutawerenga kaye kuseri kwake.