Kompyuta ya magemu kuno kuchigwa: musayambire pa graphics card

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Nchalo. Akuti akhala akusunga kangachepe kuti amange okha kompyuta ya magemu, makamaka FC (gemu ya mpira ija), GTA V ndi Call of Duty, nde pali munthu wina ku Limbe akufuna kuwagulitsa RTX 3070 yogwirapo kale ntchito, yomwe ndi graphics card, chipangizo chopanga zithunzi za gemu pa skirini, koma mtengo wake ukudya theka la ndalama zonse. Funso lawo nlakuti agule card imeneyi kaye kenako zotsalazo azingotola zotchipa, kapena pali nzeru ina?

Achimwene, ine ndikuti ayi, musayambire pa card. 3070 ndi card yabwino ndithu, imathamanga kuposa zomwe nditchule m'munsimu, pamenepo sindikunamizani. Vuto nlakuti malangizo ambiri omwe timaonera pa YouTube amachokera kwa anthu okhala m'nyumba zozizira bwino, magetsi awo sathimathima, chinthu chikafa mawa lake sitolo yawatumizira china. Ife tili kuchigwa cha Shire. Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, Bangula, Nsanje ngakhale kwanu ku Nchalo komweko kumadutsa madigiri 40, ndipo ngati chipinda chanu nchamalata chopanda siling'i mukudziwa nokha mmene mumakhalira masana. Kompyuta yanu izikhala mmenemo tsiku ndi tsiku.

Fani sapanga mphepo yozizira, amangokoka mpweya womwe uli m'chipindamo nkuudutsitsa pa zitsulo zotentha. Ndiye mukamuona mzungu akuyesa card m'chipinda cha madigiri 22 nkupeza kuti yafika 70, card yomweyo m'chipinda cha 40 ifika cha m'ma 88, mungowonjezera kusiyanako basi. CPU, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ndi card zikatentha kwambiri zimadzichepetsera zokha liwiro kuti zisapse, CPU ya Ryzen 5 5600 malire ake ndi cha m'ma 90, ma Intel ambiri ndi 100, ndipo card imayamba kubweza moto isanafike nkomwe pamenepo. Apa nde pamene gemu imayamba kudukiza mpira uli m'bokosi, inu nkumaganiza kuti munagula chinthu chakufa pomwe nkutentha chabe. Mwalipira ndalama ya liwiro lomwe simuliona miyezi yotentha.

Chinanso, magetsi onse omwe kompyuta ikudya amathera kukhala kutentha m'chipinda momwemo. Makina okoka ma watt 450 kapena 500 zili ngati mwayatsa kambaula pansi pa tebulo mu Okutobala. Nchifukwa chake ine posankha card ndimayang'ana kaye ma watt. RTX 3070 imadya 220. RTX 3060 ya 12GB imadya 170. RX 6600 ya 8GB imadya 132, RTX 4060 imadya 115 yokha. Pa skirini ya 1080p, yomwe ambirife tili nayo, RX 6600 imayendetsa FC ndi GTA V bwinobwino osadandaula, Call of Duty nayo imayenda mukatsitsako pang'ono ma setting, komanso memory yake ndi 8GB chimodzimodzi ndi 3070 ija. Ngati thumba likulola tengani 4060, ngati ayi 6600 ikukwanirani. RX 580 imapezeka yotchipa paliponse koma imadya 185, ndi ya 2017, ndipo zambiri zinatopa kale ndi mining, ntchito yokumba ndalama za crypto, ine sindingakulimbikitseni.

Pa CPU sindichulutsa gaga m'diwa. Ryzen 5 5600 kapena Intel Core i5-12400F, zonse zili ndi ma core 6, zonse nza 65W, pa magemu anuwa simungasiyanitse. Tengani yomwe mwaipeza pamodzi ndi motherboard, board yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, pamtengo wabwino. Ryzen imeneyi imalowa pa socket ya AM4, board ya B550 kapena B450, koma B450 yakale imafuna BIOS yatsopano, pulogalamu ya mkati mwa board, kuti iizindikire 5600, nde wogulitsayo ayatse muone ndi maso musanapereke ndalama. Intel ija imalowa pa LGA1700, board ya H610 kapena B660, ndipo ma board amenewa ena ndi a DDR4 ena a DDR5, RAM yake silowana, werengani pa bokosi. Dziwaninso kuti 5600 ndi 12400F zonse sizionetsa chithunzi popanda card. Ngati ndalama ya card sinakwane, pali Ryzen 5 5600G yomwe ili ndi graphics mkati, mutha kuyamba nayo kuseweretsa timagemu topepuka uku mukusunga. Socket ya AM5 ndi RAM ya DDR5 nzatsopano zabwino koma zikudyerani ndalama yomwe ikufunika kwina.

RAM 16GB, koma ikhale iwiri ya 8GB osati imodzi ya 16, DDR4-3200, ndipo mukamaliza kumanga mulowe mu BIOS muyatse XMP, setting yoyendetsa RAM pa liwiro lake lonse, pa ma board ena imalembedwa DOCP, apo ayi izingoyenda pang'onopang'ono ngati RAM wamba. SSD yosungiramo magemu ikhale ya NVMe 1TB, poti magemu a masiku ano imodzi yokha imatha kudutsa 100GB.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi power supply, chifukwa mu imelo yanu mwaiika m'gulu la zongotola. Chonde musatero. Kabokosi kameneka ndi komwe kamalandira magetsi a 230V a pakhoma nkuwagawira zonse zomwe mwagula ndi thukuta lanu, ndipo kakakhala kachabechabe sikafa kokha, kamapita ndi board, nthawi zina ndi card yomwe. Ndinatsegulapo kompyuta ya mnyamata wina cha ku Dyeratu, power supply yake inalembedwa 650W ndi zilembo zazikulu koma kuinyamula inali yopepuka ngati mulibe kanthu, mkati ma capacitor awiri atafufuma pamwamba, waya wopita ku card atasungunuka pulasitiki nkumatirira, fungo la kupsa lili thoo. Magetsi anangobwera mwamphamvu usiku atathima tsiku lonse, basi zonse zinathera pomwepo, ndipo anali atasunga ndalamazo nthawi yaitali, zinandimvetsa chisoni kwambiri. Gulani ya dzina lodziwika, Seasonic, Corsair, be quiet! kapena Cooler Master, ya 550W kapena 650W yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze kupita m'mwamba, ndipo imeneyi yokha ikhale yatsopano ya m'bokosi. Zina zonse mutha kugula zogwirapo kale ntchito koma iyi ayi. Zopepuka zija zomwe zimabwera zomangiriratu mu kesi yotchipa ichotseni.

Power supply yabwino payokha sikwanira. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 pomwe namondwe Ana anawononga siteshoni ya Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 ndipo panadutsa chaka ndi miyezi isanabwerere mwakale. Kukhala kuno nkudziwa kuti magetsi atha kuchoka nthawi ina iliyonse, ndipo choopsa kwenikweni si kuthimako koma pobwera. Ndiye mu bajeti yanu muikemo UPS, kabokosi ka batire komwe kamapatsa kompyuta magetsi kwa kanthawi akathima, ndalama yochokera pa 3070 ija ipite apa. Samalani ndi manambala, UPS amailemba ma VA osati ma watt, ya 1000VA nthawi zambiri imapereka cha m'ma 600W basi. Makina a 5600 ndi RX 6600 pamodzi ndi skirini amakoka 300W kapena kucheperapo mukamasewera, nde 1000VA ikukwanani kuti musevu gemu ndi kuzimitsa mwaulemu. Si yoseweretsa magetsi atathima, ndi ya mphindi zochepa chabe. Ngati UPS yakanika pakali pano, bola fridge guard ija imachedwetsa magetsi akamabwera, kusiyana nkulumikiza pakhoma mwachindunji. Soketi yanu ikhalenso ndi waya wa earth weniweni, nyumba zambiri za lendi bowo lachitatu lija mulibe kanthu kumbuyo, muitane wamagetsi aone. Mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani pulagi, musadalire switch.

Ngati muli ndi sola kapena inverter apa mpomwe ma watt ochepa aja akukomereni. Batire ya 12V 100Ah imasunga 1200Wh, koma ya lead acid simuyenera kuitsitsa kupyola theka, nde muli ndi 600Wh. Makina a 300W akupatsani pafupifupi maola awiri, a 500W ola limodzi ndi timphindi. Inverter yake ikhale ya pure sine wave, zotchipa za modified zija ma power supply amakono ena amalira nazo kapena kungozima.

Kesi musasankhe poona magalasi ndi magetsi amitundumitundu. Ya galasi kutsogolo imatseka mpweya. Pezani ya mesh, yobowokabowoka kutsogolo, mafani awiri kapena atatu okoka mpweya kutsogolo ndi mmodzi wotulutsa kumbuyo, olowetsa achuluke kuposa otulutsa kuti fumbi lisamalowere m'ming'alu koma lizidutsa pa sefa. Ndipo fumbi kwanuko mukulidziwa, nthawi yotentha nzimbe timaphulusa takuda tija timagwa mpaka pa zovala zoyanika, tomweto timakamatirira pa sefa ndi m'mapiko a fani. Sefa muzichotsa nkukuntha sabata iliyonse m'chilimwe, mkatimo muzipemerera ndi blower mutazula pulagi, fani mutamugwira ndi chala kuti asazungulire. Kompyuta ikhale pa tebulo osati pansi, pansi mpomwe fumbi limachuluka, komanso madzi akalowa m'nyumba ngati nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023 zapansi ndi zomwe zimayamba kupita. Kafani komwe kamabwera ndi CPU kamagwira ntchito kumadera ozizira, kuno onjezani pang'ono mugule cooler ya tower ngati DeepCool AK400 kapena Hyper 212. Ma cooler amadzi aja asiyeni, pampu yake ikafa muyenda mtunda kusaka ina, pomwe ya mpweya fani akafa mumangosintha fani.

Mwina mtima wanu uli pa 3070 pomwepo ndipo simusintha, chabwino, ndalama nzanu, koma musagule mongoona zithunzi pa WhatsApp. Card imeneyi inatuluka mu 2020 ndipo zambiri zinagwira mining usana ndi usiku mpaka 2022. Pitani konko, aiike mu kompyuta, tsegulani pulogalamu ya GPU-Z muone ngati ndi 3070 yeniyeni, kenako pulogalamu yoyesera card ya FurMark kapena gemu yolemera kwa theka la ola mukuyang'ana kutentha. Timadontho tamitundu kapena mizere pa skirini, fani wolira ngati wagwira mchenga, skirini kuthima nkuyakanso, isiyeni ngakhale atsitse mtengo bwanji. Akakana kuyesa musachite kukambirana zambiri. Ndipo mukaitenga power supply ikhale 650W yeniyeni ndi UPS yokulirapo, muwerengere zimenezo pa mtengo wake.

Ma Dell OptiPlex ndi ma HP a muofesi omwe amagulitsidwa motchipa m'tauni ndi njira ina kwa amene ndalama zachepa kwambiri, koma ambiri power supply yake ndi yaing'ono yamapulagi akeake, kesi yopapatiza, mumangokwanamo card ngati GTX 1650 ya low profile, yaing'ono ija, yomwe sifuna waya wa magetsi. Muonenso kuti CPU ndi Intel ya 8th gen kupita m'mwamba, poti Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025 ndipo Windows 11 zakale kuposa apo imazikana.

Mitengo sinditchula chifukwa chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu za kunja zimasintha mtengo sabata ndi sabata, funsani masitolo angapo ku Blantyre ndi Limbe tsiku lomwe mukugulalo, mufunsenso amene amabweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg, ndipo chilichonse akulembereni lisiti ndi masiku a warranty. Musagule chimodzichimodzi kwa miyezi yambiri, warranty imatha chinthu chili m'kabati musanadziwe ngati chimayaka. Sungani ndalama zikwane CPU, board, RAM, SSD ndi power supply nthawi imodzi.

Ngati mwamangira ku Blantyre konko, pobwerera chotsani card mu kesi muiike m'bokosi lake muinyamule pamiyendo. Ma kona otsetsereka kufika pa Thabwa ndi mabampu a mumsewu minibasi ikamagwedeza, card yolemera imatha kuthyola slot ya pa board, ndipo kesiyo musalole kondakitala aiponye kubuti pamodzi ndi matumba, ilipirireni mpando. Mukafika ku Nchalo yang'anani RAM ndi mawaya onse ngati sanasukusike musanayatse, kenako munditumizire manambala a kutentha omwe mukuwaona masana dzuwa lili pamutu, tione ngati pakufunika fani wina.